Ziro wa ku Santa Rita

Tebulo linafika pa kompyuta yanga lili lochapa,
mizere zikwi zisanu ndi zinayi, yowongoka ngati mano a chipeso:
chaka, tauni, ovota angati, ophedwa angati.
Akatswiri a zandale alitsamira kale m'mabuku awo.
Ine anangondituma kuti ndikaone
ngati miyendo yake ikugunda pansi.

Basi ya usiku kuchoka ku Bogotá.
M'mawa ndili ku Popayán, makoma oyera, mvula yowaza,
Don Anselmo Chaux, wosunga zolemba zakale,
akundipatsa magolovesi a nsalu ndi chenjezo limodzi:
"Pepala likakana kutembenuka, usalikakamize."

Mzere 4,117. Santa Rita del Alto, 1949.
Ophedwa: ziro.

Ziro ndi nambala yaulemu.
Sakuwa, sapempha kanthu,
amakhala phee m'kabokosi kake
ndipo womuona amati kunali mtendere.

Katoni ya 1948 ilipo, yomangidwa ndi chingwe chofiira.
Ya 1950 ilipo, njenjete zadya m'mphepete.
Pakati pake fumbi basi,
ndi kapepala kothimbirira:
mlembi anachoka usiku, ofesi yatsekedwa.

Ndinapita kutchalitchi.
Buku la maliro likununkha sera ndi chinyontho.
Dzanja la wansembe limayamba bwino mu Januwale,
zilembo zonenepa, zopuma.
Kufika Novembala, inki ikuthamanga,
mayina akuponderezana kupempha malo:
Rosaura Muelas. Efraín Tombé. Mwana wa Efraín, wosabatizidwa.
Makumi awiri ndi atatu m'sabata imodzi,
ndipo pa chifukwa cha imfa, liwu lomwelomwelo:
mwadzidzidzi, mwadzidzidzi, mwadzidzidzi.

Kaundula wa chisankho ndiye anandiseketsa,
kuseka kowawa kuja.
Efraín Tombé anasaina dzina lake mwaluso
atagona m'manda masiku asanu ndi limodzi.
Mudzi wa amuna mazana anayi
unaponya mavoti mazana asanu ndi limodzi.
Tebulo likuti: anthu anakonda demokalase chaka chimenecho.

Sindikumuda amene analemba ziro uja.
Ndikumuona, wophunzira wina kuyunivesite yakutali,
khofi atazizira, maso akuluma,
pulogalamu ikukana bokosi lopanda kanthu,
iye nkudina chala kamodzi kuti akagone.
Bodza lina silibadwa ndi mtima woipa,
limabadwa ndi tulo.

Ndinawalembera Pulofesa Villamizar.
Yankho linabwera khofi wanga asanathe:
"Mzere umodzi mwa zikwi zisanu ndi zinayi
sungagwedeze zotsatira."
Ndinayesa. Akunena zoona.
Chithunzi sichinasunthe ngakhale tsitsi limodzi.
Koma ndaona mzere umodzi wokha,
ndipo ndaupeza uli ndi manda pansi.

Tsono ndilembe chiyani? Makumi awiri ndi atatu?
Wansembe anawerenga okhawo amene anafika pakhomo pake.
Amene anatengedwa ndi mtsinje sanawaone.
Mwina atatu mwa iwo anafa ndi malungo.
Mwina wansembeyo ankaopa,
mwina anali ndi chipani chake m'thumba la mkanjo.
Pepala nalonso ndi mboni,
ndipo mboni imakhala ndi mimba, ndi abale, ndi mantha.

Ndafufuta ziro uja.
Kabokosi ndakasiya pululu, ngati dzino lozulidwa,
ndipo m'munsi ndalemba mawu
amene akatswiri safuna kuwaona:
sitikudziwa, koma si ziro.

Don Anselmo akuliza kabelu, yakwana faivi.
Ndavula magolovesi, zala zake zada bii.
Akundifunsa ngati ndapeza chimene ndimafuna.
Ndati ndataya chimene ndinabwera nacho.
Agwedeza mutu, akutseka mawindo limodzi limodzi.

Mawa, mzere 4,118.
Ophedwa: ziro.